Kachipewa ka Chimbalangondo

Douglas ananyamuka pa Thekerani dzuwa litalowa kale, ndipo sikuti panali chomuchedwetsa. Njinga yamoto inali bwinobwino, katundu anali atamangirira masana omwe. Koma munthuyo anangokhala pabenchi la tiirumu ya a Mwamadi, kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ngati kuti kwa Khwethemule kumene ankapitako kulibe tiyi.

"Achimwene, mapiriwo mukuwaona?" anatero a Mwamadi akupukuta tebulo. "Chiperoni chatsika icho. Mafuta ndakuthirani aja ndi botolo limodzi lokha, ena kulibe mpaka pa boma. Gonani konkuno, mudzapite mawa."

"Ndagona mokwanira m'njiramu," anayankha Douglas, n'kuvala chisoti.

Apo pokha ndiye ananena zoona. Munthu wanji amatera pabwalo la ndege ku Lilongwe, kwawo kuli kum'mwera, iye n'kugula njinga yamoto n'kuloza kumpoto? Akuti ankafuna aone kaye dziko lake. Anakwera ku Nyika kukaona mbidzi zikudya msipu m'nkhungu. Anatsikira ku Kasungu, anakagona ku Liwonde mvuu zikufwenthera pafupi ndi tenti, anazungulira ku Majete ndi ku Lengwe thukuta lili kamukamu. Mapaki atatha, anayamba kufunsa ngati kulibenso ena. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale.

Matenda amenewa anawatengera ku Amerika, kumene anakhala zaka zoposa makumi awiri akugwira ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba. Akapatsidwa tchuthi ankakwera njinga yamoto yekhayekha n'kupita kumapaki akumeneko. Anaonako madzi otentha akutumphuka pansi kupitirira denga la tchalitchi, ndi mitengo yoti anthu khumi ogwirana manja sangaizungulire. Akakhala panjinga, mphepo ili wuuu m'makutu, sankaganiza za kumudzi.

Kumudziko anasiyako mkazi, Fainess, ndi kamwana ka zaka zinayi, Teleza. Zaka zoyambirira ankaimba foni. Kenako mapepala ake anatha mphamvu, anasintha nambala, anasintha mzinda, ndipo manyazi a chaka chimodzi anabala manyazi a chaka china. Za Fainess sankadzinamiza, ankadziwa kuti ukwati unatha wokha. Komanso iye anali mkamwini chabe m'mudzimo. Chimene chinamukweza ndege ndi Teleza. Tsopano ayenera kuti ndi mayi wamkulu, mwina wa ana ake. Kodi akamuona adzamulonjera ngati bambo ake, kapena adzamupatsa mpando ngati mlendo wodutsa n'kubwerera kukhitchini? Funso limeneli ndi limene linamuzungulitsa dziko lonse la Malawi.

Msewu unakwera, unakhota, unatsika. Nkhungu ya chiperoni ija inamukumana asanafike patali, yoyera ngati utsi wa zinyalala zonyowa, ndipo kamvula kake kanayamba kuwaza pagalasi la chisoti. Atapatuka pamsewu waukulu n'kulowa kanjira ka dothi kodutsa m'minda ya tiyi, injini inatsokomola kawiri. Kachitatu inangoti zii.

Anaponda sitata. Palibe. Anagwedeza njinga kuti amve mafuta m'thanki. Gwaa, kouma.

A Mwamadi ananena, eti.

Anayang'ana foni. Moto unali utatsala pang'ono kwambiri, ndiye anaibweza m'thumba kuti idzamuthandize pofika. Nyali ya njinga nayo inafooka n'kuzima. Anavula chisoti, anachikoleka pachiwongolero, n'kuyamba kukankha.

Mantha analibe. M'malo mwake anachita chidwi ndi mmene mapazi ake ankakumbukirira njira imene mutu unaiwala. Apa pali chitsikirero. Apa mpweya umanunkha bulugamu. Kumanzere ndi kumanja tiyi anali ndandanda, wometedwa bwino, wakuda bii mumdimawo. Ali mnyamata anathyolapo tiyi m'minda yomweyi, dengu kumsana, kapitawo akukuwa kumbuyo. Pansi pa chitsikirero anamva madzi. Anakumbuka kuti pali mlatho waung'ono wa simenti, wopanda zogwirira m'mbali.

Tayala lakutsogolo litangokhudza mlathowo, mawu anamveka pafupi ndi phewa lake.

"Alendo, mwachokera kutsidya la nyanja."

Douglas anadzidzimuka, njinga inatsala pang'ono kum'pulumuka. Anaona chithunzithunzi cha munthu wamkazi, wochepa thupi, ali ndi dengu lothyolera tiyi kumsana. Nkhope sinkaoneka. Mawuwo anali a mtsikana, odekha, aulemu.

"Mwadziwa bwanji, achemwali?"

"Akuno akamakankha njinga amatukwana. Inu mukungokankha."

Douglas anaseka, mtima unabwerera m'malo. Anavomera kuti wachokera ku Amerika, n'kutchula mudzi umene ankapita. Dzina la banja sanatchule. Nalonso dzina lake analisunga m'kamwa.

"Njira ndi imodzi," anatero mtsikanayo. "Tiyeni. Ine ndili ndi mafunso."

Anaika dzanja limodzi pachishalo chakumbuyo, ndipo anayamba kukwera chitunda.

Mafunso analidi nawo! Anafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko munthu amatha kukhala khomo loyandikana ndi mnzake osadziwa dzina lake. Douglas anati n'zoona. Anamuuza za bambo wina amene ankakumana naye pamasitepe m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, moni wake kungokweza chibwano. Koma anthu omwewo, anatero, ukakumana nawo m'tinjira ta kupaki amakumwetulira, amakufunsa kumene wachokera, amakugawira madzi ndi mtedza. Ngati kuti umunthu wawo amausunga kutchire, n'kumakauyendera patchuthi.

"Nanga pamaliro amagona angati?"

Douglas anafotokoza kuti sagona. Anthu amabwera atavala bwino, amakhala pamipando, wina amalankhula pang'ono, basi aliyense m'galimoto mwake. Anamuuza za agogo ena amene iye ankawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lawo lomaliza. Ana awo anali moyo, olemera ndithu, koma ankabwera pa Khirisimasi pokha ndi maluwa. Sikuti ndi anthu oipa, anatero. Amathandiza msanga ukagwa pamsewu, amapereka kwa osauka a kumayiko amene sanawaonepo. Kungoti kumeneko mwana akakula amaphunzitsidwa kuchoka, ndipo kuchoka amakuyesa nzeru.

"Ooh," anatero mtsikanayo. "Ndiye ochoka kuno amakaphunzira konko, kapena amapita akudziwa kale?"

Douglas anapitiriza kukankha. Mumtima anangoti mwina ndi kufunsa kwa chibwana.

Ndi pamenepo pamene anazindikira kanthu kena. Chitunda chimenechi n'chachikulu, amachidziwa. Njinga inali ndi zikwama ziwiri ndi tenti. Koma inkakwera mopepuka, ngati ikudziyendera yokha. Anasuzumira kumbuyo. Mtsikanayo anangogwira ndi nsonga za zala.

Anadabwa, koma anati ana othyola tiyi ndi amphamvu.

Anadutsa pafupi ndi malaini a antchito a pa esiteti. Nyumba zonse zinali zotseka, kopanda ndi nyali yomwe. Galu wina anatuluka akuuwa mwaukali, anathamanga mpaka pamsewu, kenako anaima. Analira kamodzi, kulira kwa galu woponderezedwa mchira, n'kubwerera chafutambuyo.

"Amandidziwa," anatero mtsikanayo.

Anayendanso pang'ono. Douglas anayamba kumvetsera. Nsapato zake zinkati tchwa, tchwa m'matope. Tcheni cha njinga chinkati tekete, tekete. Anadikira kumva mapazi achiwiri.

Panalibe.

Mwina sanavale nsapato, anadziuza. Koma mbali imene kunali mtsikanayo kunkazizira kuposa mbali inayo. Komanso kunkamveka fungo. Silinali la tiyi, silinali la bulugamu. Linali fungo la matope a pansi pa mtsinje. Ndipo m'dengu muja munkadontha madzi, dontho, dontho, ochuluka kuposa kamvula ka chiperoni.

"Mwaweruka mochedwa bwanji?" anafunsa Douglas.

"Ndinaweruka kale. Ndimadikira munthu woti ndimufunse funso langa lenileni."

"Funso lanji?"

"Kumapaki mukunenako. Chimbalangondo munachionapo? Osati pachithunzi. Ndi maso."

Apa chidwi chinagonjetsa mantha. Funso limeneli palibe anali atamufunsapo chibwerereni! Douglas anati anachionapo, kangapo konse. Anafotokoza tsiku lina m'mawa, ataimitsa njinga m'mbali mwa msewu pamodzi ndi magalimoto ambirimbiri, anthu onse mafoni m'mwamba. Chinatuluka m'mitengo, chachikulu ngati ng'ombe yaing'ono, chabulauni, chikuyenda mwaulesi ngati mwini munda. Kumbuyo kwake kunali tiana tiwiri tikugubuduzana.

"Kusukulu anatiuza dzina lokha," anatero mtsikanayo. "Aphunzitsi nawonso anali asanachionepo. Chimadya chiyani?"

Zipatso, nsomba, uchi, ngakhale zotsala za m'mabini a alendo.

"Chimalira bwanji?"

Douglas anayesera kulira kwake, pakati pa minda ya tiyi usiku, bambo wamkulu wa imvi. Mtsikanayo anaseka. Kuseka kwakeko kunamulasa Douglas penapake pansi pa nthiti, osadziwa chifukwa chake.

"N'zoona kuti chimagona nyengo yonse yozizira?"

N'zoona. Chimalowa m'dzenje, osadya, osamwa, osamveka. Anthu angaganize kuti chinafa. Kukayamba kufunda chimadzuka n'kutuluka.

"Chikadzuka chimawakumbukira ana ake?"

Douglas anayankha mokondwa, ngati mwana wasukulu amene wafunsidwa zimene anawerenga. Anali atamva zonsezi kwa woyang'anira paki wina. Chachikazi chimaberekera m'dzenje momwemo, anatero, ndipo chimayenda ndi ana ake, chimawamenyera nkhondo mpaka kufa. Palibe nyama yoopsa ngati chimbalangondo cha ana.

"Nanga chachimuna?"

"Chachimuna chimapita. Ana ake sichiwadziwa n'komwe."

"Ngakhale chikumane nawo panjira?"

"Ngakhale chikumane nawo panjira."

Njinga inalemera mwadzidzidzi. Mtsikanayo anali atachotsa dzanja.

"Ooh," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye ndi chibadwa chake. Ine ndinkayesa kuti mwina mwanayo ndi amene analakwa."

Anali atafika pamene tiyi amathera. Kumanja kunali kankhalango ka mitengo yachilengedwe, yakuda, yosadulidwa. M'dera limene mtengo uliwonse umasanduka nkhuni, mitengo yotere imatsala pamalo amodzi okha. Douglas anapadziwa.

Manda.

"Ine ndapatuka pano. Mwandithandiza, alendo. Pitani chowongoka, nyumba yachitatu, ya mapeyala pakhomo. Musagogode ngati kwanu kuja. Muodire."

Nyumba yachitatu... ya mapeyala...

Iye anali asanatchule nyumba!

Dzanja linalowa m'thumba lokha. Foni. Tochi. Kuwala kofooka kunagwera pamsana pa mtsikanayo, padengu, pakhosi, pamutu.

Pamutupo panali kachipewa koluka. Kofiira. Ka mwana, kochepa kwambiri, kongokhala pamwamba pa tsitsi. Mtsikanayo anatembenuka pang'ono. Kutsogolo kwa kachipewako kunali kachimbalangondo kabulauni, koima ndi miyendo iwiri.

Douglas anakagula yekha. M'sitolo ya paki ya madzi otumphuka ija, chaka chake choyamba. Anapatsira munthu wina wobwera kumudzi. Katundu yekhayo amene anatumizapo.

"Teleza!"

Foni inazima.

Mdima. Madzi akudontha m'masamba. Dontho... dontho...

"Teleza! Ndine... ndine bambo ako! Ima!"

Palibe nthambi inathyoka. Palibe tsamba linagwedezeka.

Njinga inagwa, iye osaitola. Anathamanga. Anaterereka, anadzuka, anathamanganso. M'mutu mwake munali phokoso la maganizo awiri. Ena ankati thawa, wakumana ndi zosaona anthu. Ena ankati ayi, ali moyo, wakula, wandizindikira, wangokwiya, mwina m'mitengomo muli njira yachidule, ndikamupeza kunyumba. Anagwiritsa maganizo achiwiriwo ngati munthu wogwira udzu pamtsinje.

Nyumba yoyamba. Yachiwiri. Mapeyala.

Anakweza chibakera kuti amenye chitseko, n'kukumbuka. Anatsitsa dzanja.

"Odi! Odi kuno!"

Panapita nthawi. M'kati munayaka tochi, ndipo mawu a mayi anafunsa kuti ndani usiku uno. Douglas anatchula dzina lake lonse, ndi la bambo ake lomwe. Chitseko chinatseguka pang'ono. Fainess anali atakalamba, atafunda chitenje kumutu, koma maso anali omwe aja. Anamuunika kuyambira kumapazi mpaka kumaso. Sanakuwe, sanalire.

"Bambo a Teleza," anatero. "Muli moyo, kani."

"Mayi a Teleza, zonse tikamba, ndikudziwa kuti ndilibe pakamwa. Koma mwanayu wafika? Ndinali naye pompano. Wandiperekeza kuchokera pamlatho. Wapatukira kumitengo uko, ndiye ndimati mwina..."

Fainess anatsamira chitseko.

"Anavala chiyani kumutu?"

"Kachipewa kaja. Kofiira kaja."

Fainess anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Kachipewa kameneko ndinakaika ndekha m'bokosi," anatero. "Teleza anapita ndi madzi pamlatho pomwe paja, chaka cha mvula yoononga chija, akuchokera kothyola tiyi. Zaka zapitapo zisanu ndi chimodzi. Tinakufunani. Nambala yanu inkangoyankha mzungu. Maliro tinawagoneka masiku owonjezera, amalume ake akuti mwina uthenga umupeza. Mpaka anthu anatopa."

Douglas anagwira mtengo wa pakhonde. Misozi inkangotsika yokha.

"Kachipewako kanasiya kumukwana ali mu Sitandade 2," Fainess anapitiriza, akuyang'ana mumdima. "Koma ankakasunga pansi pa pilo. Amati bambo akadzabwera adzandiuza za chinyamachi, iwo anachiona. Chimwalirireni, anyamata a kabaza sadutsa pamlatho paja kukada. Akuti pamaima mtsikana wofunsa ngati unachionapo chimbalangondo ndi maso. Ukati ayi, amakuthokoza n'kukusiya. Ine ndinkati ndi nkhani za anyamata osuta."

Anatembenuka n'kumuunika kumaso.

"Inu wakufunsani?"

"Wandifunsa."

"Ndiye mwamuuza chiyani?"

Douglas akanatha kunena za uchi ndi nsomba. Akanatha kunena za tiana togubuduzana. Koma mayiyu anali atadikira nthawi yaitali kwambiri kuti apatsidwe bodza.

"Ndamuuza kuti chachimuna sichidziwa ana ake. Ngakhale chikumane nawo panjira."

Fainess anadzuka, anakonza chitenje chake.

"Simunamunamize," anatero. "Khalani pakhondepo, ndikupatseni bulangete. Kukacha amalume ake akakuonetsani pamene wagona."

Kuyambira usiku umenewo, a kabaza amadutsa pamlatho paja nthawi ina iliyonse, ndipo akuti mtsikana uja sanaonekenso. Amene amam'peza masiku ano ndi bambo wa imvi, ataima pambali pa njinga yamoto yozimitsa, chisoti chili m'manja, makamaka chiperoni chikatsika. Ena amaima n'kumufunsa ngati mafuta amuthera. Iye amati ayi, akudikira munthu, pali yankho lina limene akufuna akonze.

Koma wofunsa uja anakhutira ndi loyamba lija.